PANSI PA MADZI SUNGAKUWE

Pa 28 Abril 2000, mnyamata wina wa zaka 22, dzina lake Yuri Lipski, adabereka botolo limodzi la mpweya kumsana, namangirira kamera kumutu, n'kulowa m'madzi pamalo otchedwa Blue Hole, pafupi ndi tauni ya Dahab m'dziko la Egypt. Malowa ndi chidzenje chachikulu cha m'Nyanja Yofiira. Chili pafupi kwambiri ndi gombe, moti munthu amangoyenda pang'ono kuchoka pamtunda n'kufika m'mphepete mwake, koma kuya kwake kumapitirira mamita 100. Lipski sadali mlendo pamadzi ayi. Iye adali mphunzitsi wa anthu osambira pansi pa madzi, aja pa Chipwitikizi timawatchula kuti ma mergulhador.

Kamera ija sidaonongeke, ndipo ndi imene idaulula zimene zidachitika. Ikuonetsa Lipski akutsika mofulumira, kuwala kwa dzuwa kukunka kuzilala, pambali pake popanda munthu wina aliyense. Patapita mphindi zowerengeka adakafika pansi penipeni, pa mamita oposa 90. Kumeneko akuoneka akuphupha, mchenga uli koboo, akuyesa kupopera mpweya m'chovala chake cha pachifuwa kuti chimkwezere pamwamba, koma osatheka. M'mawa mwake katswiri wina wa komweko, Tarek Omar, adatsika nakatenga mtembo. Omar yemweyo ndi amene adali atamchenjeza kale mnyamatayo kuti asayese ulendo umenewo asadaphunzire mokwanira.

Mwina ena mwa inu owerenga mukuti, nanga za ku Egypt zikutikhudza chiyani ife? Zikutikhudza chifukwa nafenso tili ndi nyanja, ndipo si yamasewera. Alendo amabwera kudzaona mbuna pansi pa madzi, anyamata athu amawanyamulira mabotolo, ndipo ena mwa anyamatawo ayamba kufuna kuiphunzira ntchitoyi kuti adzadyerepo. Lamulo loyamba limene adzamve kwa aphunzitsi awo ndi lakuti usalowe m'madzi wekha. Koma mudzadabwa kumva kuti pakati pa akatswiri eni ake, mkangano wa lamulo limeneli sudathe mpaka lero.

Zimene madzi amachita ndi thupi

Tiyambe ndi madziwo. Pano pamtunda mpweya umatipanikiza tonse ndi muyeso umene akatswiri amati bar imodzi, ndipo sitimva kanthu chifukwa tidabadwira momwemo. Ukatsika mamita 10 m'madzi, kupanikizako kumafika pa 2. Pa mamita 20 kuli pa 3, pa mamita 30 kuli pa 4, ndipo zimapitirira motero. Choncho mpweya umene munthu amakoka kamodzi ali pa mamita 30 ndi wochuluka kanayi kuposa umene akadakoka ali pagombe.

Tsono tiwerengere limodzi. Botolo lofala kwambiri ndi la malita 12, ndipo akalidzaza mpaka pa bar 200 limasunga malita 2,400 a mpweya. Munthu wopuma malita 20 pa mphindi angathe nalo maola awiri ali pamtunda. Pa mamita 30 botolo lomwelo latha pa mphindi 30. Pa mamita 90, pamene adafika Lipski, latha pa mphindi 12, ndipo apa tikunena munthu wodekha. Wogwidwa mantha amapuma kawiri kapena katatu kuposa pamenepo.

Vuto lachiwiri ndi loti mpweya wathu womwewu umasanduka choledzeretsa. Gawo lalikulu la mpweya umene timapuma ndi naitrojeni, ndipo kuyambira cha pa mamita 30 naitrojeniyo amayamba kusokoneza mutu monga kachasu. Wina amangosekerera, wina amaiwala kuyang'ana kawotchi koonetsa mpweya wotsala, wina amalephera kudziwa kuti kumwamba ndi kuti. Choipa chake n'chakuti mwini wake sadzizindikira, monga mmene woledzera amalumbirira kuti ali bwinobwino. N'chifukwa chake mabungwe ophunzitsa adaika malire a mamita 18 kwa wongoyamba kumene, ndi mamita 40 kwa wosambira mongosangalala ngakhale atazolowera chotani. Ukapitirira mamita 60, ngakhale okosijeni amene amatipatsa moyo amayamba kukhala poizoni, ndipo angagwetse munthu ngati khunyu, chopumira n'kuchoka pakamwa.

Lachitatu ndi pobwerera. Naitrojeni uja amalowerera m'magazi ndi m'minofu nthawi yonse imene munthu ali pansi. Akakwera msanga, amatuluka ngati thovu la m'botolo la Coca-Cola limene walikhutchumula n'kulitsekula mwadzidzidzi. Timathovu timeneto tikakhala m'mfundo, munthu amamva ululu woopsa. Tikafika mu msana, miyendo imafa. Motero amaphunzitsa kukwera pang'onopang'ono, cha pa mamita 9 kapena 10 pa mphindi, ndi kuima mphindi zitatu pa mamita 5 usadatulukire. Ndipo osagwira mpweya pokwera, chifukwa mpweya wa m'mapapo umafufuma kawiri kuchoka pa mamita 10 kufika pamwamba, ndipo mapapo amang'ambika.

Mnzako amakhalira chiyani

Poona zonsezi, ntchito ya mnzako ikuonekera yokha. Musadalowe, iye amayang'ana ngati botolo lako latsekulidwa ndiponso ngati malamba amangika. Muli pansi, mumafunsana ndi manja za mpweya wotsala. Wako ukatha, iye ali ndi chopumira chachiwiri chimene amakupatsa. Ukakodwa mu ukonde wotayika kumsana kumene dzanja lako silifika, iye ndiye amadula. Mutu ukayamba kusokonekera, iye amaona maso ako n'kukukokera pamwamba pang'ono, pakuti kuledzera kwa naitrojeni kumatha msanga munthu akakwera mamita ochepa. Ukakomoka, palibe chida chilichonse padziko pano chimene chingakunyamule kupita nawe kubwato. Ndi munthu yekha.

Ine ndidayesako kamodzi kokha, pa malo ena ogona alendo m'mphepete mwa nyanja yathu, ndipo sindidapitirire mamita 6. Zonse zinkayenda bwino mpaka pamene madzi adalowa m'magalasi a kumaso n'kundifika m'mphuno. Zimene adandiphunzitsa pagombe zija zidauluka zonse. Ndidafuna kukuwa, ine amene ndimadyera pakamwa tsiku ndi tsiku, ndipo ndi pamene ndidazindikira kuti pansi pa madzi mawu alibe ntchito. Miyendo idayamba yokha kupalasa kuthamangira pamwamba, mpweya nditaugwira. Mphunzitsi uja adandigwira lamba wa pachifuwa, nandiyang'ana m'maso, n'kumandionetsa ndi dzanja kuti puma, tulutsa, puma, tulutsa. Sizidathe ngakhale mphindi imodzi. Titatuluka iye adangoseka, koma ine usiku umenewo tulo tidavuta. Akulu adati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu, ndipo tsikulo kanyamako ndidali ine.

Amene amatsutsa

Komabe tisathamangire kuweruza, chifukwa mbali inayo ili ndi mfundo zake.

Chida chopumira pansi pa madzi chimene tikuchidziwa lerochi adachikonza ndi Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan ku France mu 1943. Lamulo la awiriawiri silidabwere ndi chidacho. Lidachokera ku maphunziro a kusambira wamba ku America, kumene ana ankawauza kuti aliyense akhale ndi mnzake womuyang'anira, ndipo mabungwe monga YMCA atayamba kuphunzitsa za mabotolo m'zaka za m'ma 1950 adangolitenga momwemo. Kwa zaka zambiri, kunena kuti umalowa wekha kudali ngati kuulula tchimo.

Koma anthu ankalowabe okha mwakachetechete. Wojambula zithunzi amene akudikira kansomba kamodzi kwa theka la ola, ndani angamdikire? Ndiponso taganizirani mphunzitsi amene watenga ophunzira anayi a tsiku loyamba. Pa pepala ali ndi anzake anayi. Kunena zoona ali yekha, ndipo kuposa pamenepo wasenza miyoyo inayi, pakuti iye akakomoka palibe mmodzi mwa anayiwo angadziwe chochita. Palinso chizolowezi cha m'mabwato a alendo chomangoloza kuti iwe ndi iwe mukhale limodzi, anthu osadziwana ngakhale dzina. Akalowa m'madzi wina amathamangira kuno wina uko, ndipo otsutsa lamuloli amaseka kuti awa ndi anzake a nyanja imodzi chabe. Mnzako amene ali mamita 20 kutali, atakufulatira, sangakuthandize mpweya ukatha. Choipa koposa, munthu wogwidwa mantha amatha kukutsomphola chopumira pakamwa kapena kukukokera pamwamba mwaliwiro, maliro n'kukhala awiri.

Mu 1991 Robert von Maier adatulutsa buku lonena poyera za kusambira wekha pansi pa madzi. Mu 1999 bungwe la Scuba Diving International lidayamba kupereka maphunziro ndi setifiketi ya wosambira yekha. PADI, bungwe lalikulu koposa pa ntchitoyi, limene kwa nthawi yaitali lidaumirira pa awiriawiri, lidatsegula maphunziro ake mu 2011, ngakhale lidasankha kuwatchula kuti ndi a kudzidalira, osati a kukhala wekha.

Tsono tamvani zimene amafuna. Mabungwe onse awiriwa salandira munthu amene sadalowepo m'madzi maulendo 100 olembedwa m'buku lake. La SDI limafunanso kuti akhale wa zaka 21. Wophunzirayo amanyamula botolo lachiwiri laling'ono lokhala ndi chopumira chakechake, losalumikizana ndi lalikulu lija. Amanyamula magalasi apadera, zodulira ziwiri zoikidwa pamalo osiyana kuti dzanja lililonse lifikepo, chida chachiwiri choonetsa kuya ndi nthawi, ndi chibaluni chachitali chimene amachitumiza pamwamba kuti a m'bwato adziwe pamene ali. Ambiri amatsata lamulo logawa mpweya patatu: gawo limodzi popita, limodzi pobwerera, lachitatu osalikhudza. Amauzidwa kusankha malo amene akuwadziwa, osazama, opanda mapanga, ndi kusiya mawu kwa munthu pamtunda kuti ndalowera apa, ndituluka nthawi yakuti, ndikapanda kutuluka muchite zakuti.

Mukaona mndandanda umenewu, muona kuti zimene adachita Lipski si zimene amaphunzitsa. Botolo limodzi, mpweya wamba, kuya kopitirira kawiri malire. Kwa ine, otsutsawa akunena zoona pa mfundo imodzi yaikulu, yakuti munthu wolowa m'madzi akudalira kuti mnzake ndiye amuganizira ndi woopsa kwa onse awiri. Koma pali pamene mfundo yawo imathera. Botolo lachiwiri limathandiza munthu amene mutu wake ukugwira ntchito. Mtima ukaima, kapena khunyu ikagwira, zida zonse zija zimangotsika naye limodzi.

Ku Boesmansgat

Nkhani imene imandisautsa kwambiri idachitika pafupi ndi kwathu kuno, ku South Africa. M'chigawo cha Northern Cape muli phanga lodzaza madzi lotchedwa Boesmansgat. Pakamwa pake m'pang'ono ngati dziwe lomwera ng'ombe, koma kunsi kumatambasuka ndi kuzama mamita oposa 280. Nuno Gomes, wobadwira ku Lisboa koma wokulira ku South Africa, adafika pa mamita 282 m'phangali mu 1996. Zaka ziwiri izi zisadachitike, mu Dezembro 1994, mnyamata wa zaka 20, Deon Dreyer, amene adali m'gulu lothandiza Gomes, adasowa m'madzimo pa ulendo wokonzekera. Anzake adalipo, koma adamira mofulumira kupita kumene iwo sakadatha kumtsatira.

Patapita zaka khumi, mu Outubro 2004, Dave Shaw wa ku Australia, woyendetsa ndege za kampani ya Cathay Pacific, adatsika mamita 270 m'phanga lomwelo ndipo nyali yake idaunika mtembo wa Dreyer uli m'matope. Atatuluka adalonjeza makolo a mnyamatayo kuti akautenga.

Ulendo wa pa 8 Janeiro 2005 udakonzedwa kwa miyezi. Padali gulu lalikulu, madokotala, apolisi osambira, mabotolo omangiriridwa pa chingwe, ndi anthu oti adikire pa misinkhu yosiyanasiyana kuti azilandizana mtembo. Shaw adayenera kukhala pansi mphindi zisanu zokha, kenaka n'kutha maola pafupifupi 12 akukwera pang'onopang'ono. Koma pansi penipenipo adayenera kupita yekha, chifukwa padalibe wina woti akagwire naye ntchito pa kuya kotero. Iyenso adali ndi kamera kumutu. Ikuonetsa kuti mtembo uja, umene ankayembekeza kuti ukhala mafupa olemera, udayamba kuyandama ndi kumuvuta kuulowetsa m'thumba. Chingwe chidakolana ndi nyali yake. Pa kuya koteroko mpweya umakhala wolemera kuukoka, ndipo munthu akagwira ntchito yolimba, mpweya woipa umene timatulutsa popuma umachuluka m'thupi mpaka kumkomola. Ndi zimene zidachitika. Bwenzi lake Don Shirley, amene ankamdikira chapamwamba pang'ono, adaona nyali ili phee pansi, natsika kuti amtsatire, koma chida chake china chidaphulika ndipo adabwerera. Iyenso adapulumukira mkamwa mwa mbuzi, atadwala koopsa matenda a timathovu aja. Patapita masiku anayi, gulu lija likukoka zingwe zake, mitembo iwiri idatulukira pamodzi, itakolana pa chingwe chimodzi.

Shaw sadali wosasamala. Koma chinthu chimene chidayambitsa imfa yake, chingwe chokolana ndi nyali, ndi chimene dzanja la munthu wachiwiri likadamasula pa kamphindi.

Kunyanja kwathu

Tibwerere ku Metangula, ku Cóbuè ndi m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ya Niassa. Nyanjayi pamalo ena ndi yakuya mamita pafupifupi 700. Kuyambira 2011 mbali yathu ya Moçambique ndi malo otetezedwa ndi boma, ndipo mbuna zake zimakoka alendo, monga zimawakokera tsidya linalo ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear kumene kuli masukulu a ntchitoyi. Madzi ndi ofunda, oyera, opanda mchere, ndipo amanyenga munthu kuti palibe choopsa.

Amene amalowa okha kwathu kuno kawirikawiri si alendo a zida ziwiriziwiri. Ndi msodzi amene ukonde wake wakodwa pamwala, ndipo ukondewo ndi ngongole imene sadamalize kubweza. Iye amabira ndi mpweya wa m'chifuwa chake chokha. Ambiri asadabire amapuma mofulumira kambirimbiri poganiza kuti akudzaza mpweya. Chimene amachita ndi kuzimitsa belu la m'thupi limene limauza munthu kuti nthawi yopuma yakwana, ndipo amatha kukomoka akukwera, kutangotsala mamita ochepa kuti atulukire, popanda chenjezo lililonse. Wotere akakhala ndi mnzake amene akumuyang'anitsitsa pamwamba, n'kumtukula mutu msanga, kawirikawiri amatsitsimuka. Akakhala kuti mnzakeyo akukapa madzi m'bwato atafulatira, basi kwatha. Awiri asamabire nthawi imodzi. Wina pansi, wina pamwamba, maso pa mnzake, mpeni m'manja.

Palinso amene amapumira paipi yochokera ku kompresa ili m'bwato. Apa moyo wonse uli m'manja mwa wotsala pamwamba. Injini ikazima, mpweya watha nthawi yomweyo, ndipo wapansiyo amathamangira pamwamba, chinthu chimene tanena kuti chimang'amba mapapo. Utsi wa injini ukalowa pamene kompresa imakokera mpweya, munthu amapuma poizoni wosanunkha. Ndipo poti paipi siitha ngati botolo, munthu amakhalitsa pansi maola, naitrojeni akungodzazana m'thupi. Mwera ukayamba, m'miyezi ya Junho mpaka Agosto, bwato lopanda munthu limatha kuchoka pamene udalisiya.

Chomaliza ndi chimene ambiri sachiganizira. Nyanja yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa nyanja yamchere. Malamulo a kuya ndi nthawi amene amagwira ntchito ku Tofo kapena ku Pemba amayenera kusinthidwa pa malo alionse opitirira mamita 300, choncho kwathu kuno munthu ayenera kukhala pansi nthawi yocheperapo. Ndiponso wochoka ku Metangula kupita ku Lichinga amakwera mapiri kufika pa mamita oposa 1,300, pa msewu wa makilomita ongopitirira 100. Kwa thupi lodzaza naitrojeni, kukwera kotereku kumafanana pang'ono ndi kukwera ndege, ndipo akatswiri amalangiza kudikira maola 12 munthu akalowa kamodzi, kapena 18 akalowa kangapo, asadakwere ndege. Wosambira amene watuluka bwinobwino masana angayambe kumva dzanzi m'miyendo ali m'galimoto pakati pa mapiri. Mankhwala enieni a matendawa ndi kumlowetsa m'chipinda chachitsulo chimene amachipopera mpweya kuti timathovu tisungunuke, monga zimene zili ku Durban ndi ku Cape Town. Podikira ulendo wautali choterowo, chothandiza ndi kumgoneka chagada, kumpatsa okosijeni wa kuchipatala mosalekeza, ndi kuuza adokotala kuti munthuyu adali pansi pa madzi, adafika mamita angati, ndipo adakhalako nthawi yotani. Wodwalayo nthawi zina satha kulankhula. Amene angayankhe mafunso amenewa ndi amene adali naye.